Wotsiriza ndiye ayambe kusankha: mmene matimu a mpira wa ku Australia amagawanirana anyamata

Usiku wa pa 20 Novembala 2024, ku Marvel Stadium mumzinda wa Melbourne, pa msonkhano wosankha osewera atsopano wotchedwa draft, timu ya Richmond inapatsidwa mwayi woyamba kutchula mnyamata yemwe ikumufuna, ndipo inatchula Sam Lalor. Palibe anadabwa kuti mwayiwo unagwera Richmond, chifukwa sizoni yonse inapambana magemu awiri okha n'kuthera pansi penipeni pa ligi. Chozunguza mutu chinadza pa nambala 5. Timu ya Melbourne inatchula Levi Ashcroft, koma patangotha mphindi zochepa mnyamatayo anavekedwa malaya a Brisbane Lions, timu yomwe inali itangotenga chikho mu Seputembala itakwapula Sydney ndi mapointi 60.

Ngati dongosololi linakonzedwa kuti lidzutse ofooka, akatswiri analowera khomo liti? Funso limeneli ndi lomwe limatenthetsa mikangano ya masapota chaka ndi chaka, ndipo kuti tilimvetse tiyenera kuyambira patali pang'ono.

## Ndi mpira wanji umenewu?

Si rugby, komanso si uja wa ku America wovala zipewa zolimba. Eni ake amangoti footy. Bwalo lake ndi lozungulira ngati dzira, lalikulu kuposa la mpira wamiyendo, ndipo mbali iliyonse kumakhala anthu 18. Mpira umamenyedwa ndi mwendo kapena kukhomedwa ndi chibakera uli padzanja, kuuponya n'kulakwa. Kumapeto kwa bwalo kuli mitengo inayi. Mpira womenyedwa ndi mwendo ukadutsa pakati pa mitengo iwiri yaitali ndi mapointi 6, ukadutsa cham'mbali ndi pointi imodzi. Ligi yaikulu ndi AFL, ya matimu 18, ndipo 10 mwa matimuwa ali m'chigawo chimodzi cha Victoria komwe masewerawa anabadwira. Fainolo imaseweredwa pabwalo la MCG mumzinda wa Melbourne, anthu pafupifupi 100,000 akuonerera.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: mu AFL mulibe kutuluka mu ligi. Mu Super League ya ku Malawi kapena ya ku Zambia, timu ikathera kumunsi imatsika, ina n'kukwera, ligi n'kumapitirira. Ku AFL timu yofooka imakhalabe momwemo. Ikamangokwapulidwa sabata ndi sabata kwa zaka zisanu, anthu amaleka kubwera kubwalo, a wailesi yakanema amadandaula, ndipo thumba la ligi yonse limaphwa. Ndiye ngakhale matimu amphamvu ali ndi chifukwa chofunira kuti wakugwa adzuke.

## Mzere wa kuchigayo, koma wotembenuza

Draft ndi msonkhano wa pachaka, wochitika mu Novembala, pomwe matimu amasankha osewera atsopano mosinthana. Mnyamata yemwe akwanitse zaka 18 pofika pa 31 Disembala chaka chimenecho amangolembetsa dzina n'kudikira. Sasankha timu, timu ndiyo imamusankha. Wolemera sangapambane mnzake pomulonjeza mnyamatayo ndalama zambiri, chifukwa malipiro a wosewera watsopano anaikidwa kale pa mgwirizano wa ligi ndi bungwe la osewera.

Taganizirani mzere wa kuchigayo woimikidwa mwachilendo, woti amene kunyumba kwake ufa watheratu aime kutsogolo, amene nkhokwe yake ndi yodzadza aime kumbuyo. Timu yotsiriza mu ligi, yomwe amaiseka kuti yalandira wooden spoon, titi chipande, imatenga malo oyamba. Yotsatira kuchokera pansi imatenga achiwiri, mpaka akatswiri pa 18. Ikatha raundi imeneyo mzere umayambiranso. Malo a pamzerewa eni ake amati pick, koma ife tizingoti nambala.

Dongosololi analitengera ku masewero a ku America, ndipo linakhazikika mu 1986, ligiyi ikadali ndi dzina lakale loti VFL. Kale timu iliyonse inali ndi dera lake lotolako anyamata, ndipo matimu olemera ankawonjezera pogula akatswiri a ku South Australia ndi Western Australia. Matimu angapo anatsala pang'ono kutsekedwa ndi ngongole. Draft inabwera pamodzi ndi mnzake, salary cap, omwe ndi malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse pamodzi.

Papepala raundi yoyamba imayenera kukhala ndi nambala 18. Mu 2023 inafika 29, mu 2024 inafika 27. Anthu owonjezerawa akulowa bwanji mumzere? Tifikako.

## Anyamatawa amachokera kuti, ndipo masapota amakangana chiyani?

Ambiri amachokera mu ligi ya osapyola zaka 18 ya ku Victoria, yomwe inayamba mu 1992 ndi dzina loti TAC Cup. Ena amachokera mu SANFL ya ku South Australia ndi WAFL ya ku Western Australia, komwe mnyamata wakupsa msanga amaseweretsedwa ndi madoda. Pakati pa chaka pamakhala mpikisano wa dziko lonse wa matimu asanu: Vic Metro, Vic Country, South Australia, Western Australia ndi Allies, yomwe imasonkhanitsa zigawo zotsala. Mu Okutobala kumabwera Draft Combine, komwe anyamata amayezedwa liwiro pa mamita 20, mpweya pa makilomita awiri ndi kulumpha, kenako n'kumalowa m'zipinda kukafunsidwa mafunso ndi akuluakulu a matimu. Kumeneko safunsa za mpira zokha. Amafuna adziwe ngati mwanayu angapirire kukhala kutali ndi makolo ake.

Masapota ambiri anyamatawa sanawaonepo ndi maso. Aona timakanema ta mphindi zitatu ndi kuwerenga atolankhani onga Cal Twomey, yemwe kulosera kwake kwa mzere wonse, komwe amati phantom draft, kumadikiridwa ngati zotsatira za mayeso. Koma mukawamva akutsutsana mungayese anamulera okha mwanayo. Ali ndi mawu awo. Mnyamata yemwe mbiri yake yakwera mwadzidzidzi kumapeto kwa chaka ndi bolter. Yemwe aliyense ankati apita m'nambala zisanu zoyambirira koma wakhala pampando mpaka 20, makamera akumuunika nkhope ndi mayi ake ali pambali, ndi slider.

Mkangano wosatha ndi uwu: kodi timu itenge mnyamata waluso kuposa onse otsala pamzere, kapena itenge wa malo omwe ikusowa munthu? Funsoli ndi lovuta chifukwa malo amasiyana kapsedwe. Wapakati, wothamanga ndi kulimbirana mpira pansi, amatha kuyamba kuthandiza timu chaka choyamba chomwe. Wamtali wa kutsogolo kapena kumbuyo, wofunika kulimbana ndi amuna a makilogalamu 100 mumlengalenga, amatenga zaka zingapo kuti thupi likhwime. Ruck, chimphona cholumphira mpira pakati pa bwalo, ndiye amachedwa koposa. Timu ikatenga wapakati, masapota ena amati yasankha zophweka. Ikatenga wamtali, patatha zaka ziwiri omwewo amayamba kufunsa ngati sanawononge nambala.

## Nambala si munthu

Draft ya 2001 ndi yomwe imatchulidwa kuti inaposa zonse. Hawthorn inapereka wosewera wake wokondedwa, Trent Croad, pamodzi ndi Luke McPharlin ku Fremantle kuti ipeze nambala 1, 20 ndi 36, ndipo masapota ake anakwiya kwambiri. Pa nambala 1 inatenga Luke Hodge, n'kusiya Chris Judd yemwe anapita ku West Coast pa nambala 3. Pofika 2004 Judd anali atalandira kale Brownlow Medal, mphoto ya wosewera bwino kuposa onse mu sizoni, yomwe mavoti ake amaponya ndi oimbira. Kwa zaka zingapo anthu ankati Hawthorn inaphonya. Hodge anadzatenga zikho zinayi, zitatu mwa izo ali kaputeni, ndipo nambala 36 ija inabala Sam Mitchell, mmodzi wa osewera apakati abwino a m'badwo wake. Croad nayenso anabwerera ku Hawthorn n'kudzatenga nawo chikho cha 2008. Mu draft yomweyo Dane Swan anadikira mpaka nambala 58, n'kudzalandira Brownlow mu 2011.

Ya 2004 ndi yomwe masapota a Richmond safuna kukumbutsidwa. Pa nambala 4 anatenga Richard Tambling, ndipo pa nambala 5 Hawthorn inatenga Lance Franklin, yemwe anadzamwetsa zigoli 1,066. Tambling anasewera magemu oposa 100 mu ligi yaikulu, zomwe ambiri osankhidwa pa draft safikapo, koma dzina lake limangotchulidwa monga munthu yemwe anatengedwa m'malo mwa Franklin. Apa pali nkhanza ina ya dongosololi. Mwana wa zaka 18 sasankha nambala yake, koma amaisenza moyo wonse.

Ndipo kuchokera mu 1986 zinatenga mpaka 2008 kuti wosankhidwa pa nambala 1 alandire Brownlow, pomwe Adam Cooney wa Western Bulldogs anaitenga. Pofika nthawiyo James Hird, nambala 79, anali atailandira kale, ndipo Adam Goodes, nambala 43, anali atailandira kawiri. Izi sizikutanthauza kuti nambala zapamwamba n'zachabe. Mwayi wopeza katswiri ndi waukulu kwambiri m'nambala khumi zoyambirira kusiyana ndi m'ma 50, kungoti umakhalabe mwayi chabe.

## Pomwe kuluza kumapindulitsa

Mukaika mphoto pa kulephera, ena ayamba kuiona mphotoyo. Kugonja mwadala pofuna nambala yabwino amakutcha tanking, ndipo nkhani yodziwika ndi ya Melbourne mu 2009.

Nthawiyo kunali lamulo loti timu yomwe yapambana magemu osapyola anayi kwa sizoni ziwiri zotsatana ipatsidwe nambala yapadera raundi yoyamba isanayambe. Melbourne inali itapambana atatu mu 2008. Pofika raundi 18 ya 2009 inalinso ndi atatu, ndipo inakumana ndi Richmond pa MCG. Osewera ena anaikidwa m'malo omwe sanazolowere, komabe timuyo inapezeka ikutsogola gemu ikutha. Belu lomaliza litalira, Jordan McMahon wa Richmond anali ndi mpira m'manja, ndipo malamulo amalola wotero kumenya komaliza. Anamenya, mpira unadutsa pakati pa mitengo yaitali, Richmond inapambana ndi mapointi anayi. Melbourne inatsiriza sizoni ndi magemu anayi ndendende, n'kutenga nambala 1 ndi 2.

Mu 2013 AFL itafufuza inalengeza kuti sinapeze umboni woti timuyo inagonja mwadala pabwalo, komabe inailipiritsa madola a ku Australia 500,000 n'kuimitsa akuluakulu awiri chifukwa cha zomwe zinkalankhulidwa ndi kuchitika kuseri. Mpaka lero anthu amaseka chigamulo chimenechi, choti palibe mlandu koma chindapusa chilipo. Lamulo la nambala yapadera lija linali litasinthidwa kale mu 2012, kuti ligi izipereka yokha ikaona kuti n'koyenera.

Nanga zipatso zake? Tom Scully, nambala 1, anachoka patatha sizoni ziwiri n'kupita ku GWS Giants. Jack Trengove, nambala 2, anapatsidwa ukaputeni ali ndi zaka 20, koma vuto la phazi linamusokoneza. Richmond, yomwe inapambana gemu ija, inasankha pa nambala 3 n'kutenga Dustin Martin, yemwe anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse mu mafainolo atatu, a 2017, 2019 ndi 2020. Melbourne inapezabe golide chaka chimenecho, koma pa nambala 34: Max Gawn, yemwe monga kaputeni anakweza chikho cha 2021, choyamba cha timuyo chichokere 1964.

## Makomo a kuseri

Tsopano tibwerere kwa Levi Ashcroft. Bambo ake, Marcus Ashcroft, anasewerera Brisbane magemu 318. Lamulo lotchedwa father-son, lomwe lilipo kuyambira 1949, limati ngati bambo anasewerera timu magemu okwana 100, timuyo ili ndi ufulu woyamba pa mwana wawo, mwanayo akavomera. Ndi lamulo la mtima, lofuna kuti dzina la banja lisachoke pa malaya omwe linazolowera. Geelong inapindula nalo kwambiri: Gary Ablett Jr inamutenga pa nambala 40 mu 2001, Tom Hawkins pa 41 mu 2006, mitengo ya bonya pa chambo.

Khomo lachiwiri ndi la ma academy a kumpoto. Sydney, GWS, Brisbane ndi Gold Coast ali m'zigawo za New South Wales ndi Queensland komwe rugby league ndiyo mfumu. Matimuwa amalera ana kuyambira ali aang'ono kuti asatengedwe ndi masewero ena, ndipo mphoto yake ndi ufulu woyamba pa anawo. Mu 2014 Melbourne inali yokonzeka kupereka nambala 2 pa Isaac Heeney, koma malamulo a nthawiyo analola Sydney kumutenga ndi nambala 18. Phokoso lomwe linabuka linabala dongosolo la mapointi mu 2015.

Limayenda ngati okushoni. Nambala iliyonse inapatsidwa mtengo, kuyambira mapointi 3,000 pa nambala 1 n'kumatsika. Timu ina ikatchula mnyamata yemwe ali ndi mwini, mwiniyo amafunsidwa ngati ayankhe. Akayankha, amalipira mtengo wa nambalayo pogwiritsa ntchito nambala zake zotsatira, amatenga mnyamatayo pamalo pomwepo, ndipo aliyense pamzere amabwerera m'mbuyo phazi limodzi. N'chifukwa chake raundi ya 18 imatalika mpaka 29.

Tione chitsanzo. Mu 2021 Gold Coast inatchula Nick Daicos pa nambala 4. Bambo ake, Peter Daicos, anasewerera Collingwood magemu 250. Nambala 4 inali ya mapointi 2,034, koma mwini ankachotseredwa 20 peresenti, ndiye Collingwood inafunika 1,627 okha. Inawapeza pophatikiza nambala zingapo za kumunsi, za cha m'ma 40. Apa ndi pomwe odandaula amaloza chala: palibe timu yomwe ingavomere kusinthanitsa nambala 4 ndi mulu wa nambala za m'ma 40, monga palibe angapereke ng'ombe posinthana ndi nkhuku zinayi, koma tebulo la mapointi linkavomera. Matimu anaphunzira kusonkhanitsa nambala zazing'onozi mwadala. Patatha zaka ziwiri Daicos anali ndi chikho. Mu 2023 Gold Coast inatulutsa anyamata anayi a mu academy yake mu raundi yoyamba, kuyambira Jed Walter pa nambala 3. Ndipo mkulu wake wa Levi, Will Ashcroft, yemwe Brisbane inamutenga pa nambala 2 mu 2022, ndiye anasankhidwa kukhala wosewera bwino pa fainolo ya 2024.

Mbali zonse zili ndi mfundo. Matimu onga St Kilda, omwe ali ndi chikho chimodzi chokha cha 1966, amati mzere wataya tanthauzo ngati anyamata abwino kwambiri amakhala ndi eni ake usiku wa draft usanafike. Matimu a kumpoto amayankha kuti popanda ma academy anawa akanakhala akusewera rugby league, komanso kuti matimu a ku Victoria ali ndi mwayi wawo womwe sautchula: sayenda maulendo ataliatali pafupipafupi, fainolo imaseweredwa kwawo, ndipo osewera ambiri amafuna kubwerera komweko. AFL inayesa kuima pakati. Mu 2025 kuchotserako kunatsika kufika pa 10 peresenti, ndipo nambala zopyola 54 zilibenso mapointi, pomwe kale ankafika pa 73.

Pali khomo lachitatu, Next Generation Academy, la ana a eni nthaka a ku Australia ndi ana a mabanja obwera kuchokera kunja. Malamulo ake asinthasintha. Mu 2020 Western Bulldogs inatenga Jamarra Ugle-Hagan pa nambala 1 kudzera khomo limeneli, ndipo ligi inalitseka pa nambala zapamwamba. Wopwetekeka anali Melbourne, yomwe inalera Mac Andrew, wobadwira ku Egypt kwa makolo a ku South Sudan, n'kumuona akutengedwa ndi Gold Coast pa nambala 5 mu 2021. Mu 2024 khomolo linatsegulidwanso. Ana a ku Africa akuchuluka ndithu mumasewerawa chiyambire pomwe Majak Daw, wobadwira ku Sudan, anasewera gemu yake yoyamba ku North Melbourne mu 2013. Aliir Aliir anabadwira mumsasa wa othawa kwawo wa Kakuma ku Kenya, anatengedwa pa nambala 44, ndipo mu 2021 anasankhidwa mu timu ya osewera bwino a ligi yonse. Ndipo sindingadutse osatchula dzina lomwe aliyense wolankhula Chichewa angamwetulire nalo: Tendai Mzungu, yemwe bambo ake ndi a ku Zimbabwe, anasewerera Fremantle mu fainolo ya 2013.

## Kugulitsa malo a pamzere

Nambala ndi ndalama za mu AFL. Mu Okutobala pamakhala masiku osinthana, pomwe matimu amasinthana osewera ndi nambala, osati makobiri ngati ku England. Wosewera sangasunthidwe asanavomere. Kuyambira 2015 timu ikhoza kugulitsa nambala za chaka chamawa, ndipo kuyambira 2018 kusinthana nambala kumachitikanso draft ili m'kati, matelefoni akulira wotchi ikuyenda.

Kugulitsa nambala ya chaka chamawa kuli ngati kugulitsa chimanga chikadali m'munda. Mtengo wake weniweni sudziwika mpaka sizoni itatha, chifukwa umadalira pomwe timu yogulitsayo ithere. Ikachita bwino, yapereka nambala 17. Ikagwa, yapereka nambala 2, ndipo masapota a timu yogulayo amakhala chaka chonse akuchemerera aliyense wosewera ndi timu imeneyo. Ena amati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, tenga wosewera wodziwika lero. Ena amati dikira.

Chinthu china chomwe chimasokoneza masamu onsewa ndi kupukwa kwawo, komwe amati go-home factor. Australia ndi dziko lalikulu: kuchoka ku Melbourne kupita ku Perth ndi makilomita oposa 2,700 pa ndege. Chris Judd uja anabwerera ku Victoria kumapeto kwa 2007, ndipo Carlton inalipira nambala 3, nambala 20 ndi mnyamata wamtali, Josh Kennedy, yemwe anadzakhala womwetsa zigoli zambiri m'mbiri yonse ya West Coast. Jason Horne-Francis, nambala 1 wa 2021, anakhala ku North Melbourne sizoni imodzi yokha n'kupempha kubwerera kwawo ku Adelaide. Tsopano osankhidwa m'nambala 20 zoyambirira amasainira zaka zitatu m'malo mwa ziwiri, koma kontrakiti simanga mtima. West Coast itatenga Harley Reid wa ku Tongala, Victoria, pa nambala 1 mu 2023, mphekesera zoti adzabwerera kwawo zinayamba asanasewere ndi gemu imodzi yomwe.

## Kumanga timu yonse

Draft ndi gawo chabe la ntchito yomwe amaitcha list management, kusamalira mndandanda wa osewera. Timu imaloledwa osewera oposa 40 pang'ono, ndipo 23 okha ndi omwe amavala malaya pa gemu. Chaka chilichonse imakakamizidwa kutsegula malo osachepera atatu a draft, kutanthauza kuti ena ayenera kuuzidwa kuti ntchito yatha. Mu 2025 malire a malipiro anali madola a ku Australia oposa 17 miliyoni pa timu, ndipo pafupifupi ndalama zonsezo ziyenera kugwiritsidwa ntchito. Timu siloledwa kuumira. Kuswa malirewa n'koopsa. Mu 2002 Carlton inalipiritsidwa madola 930,000 n'kulandidwa nambala 1 ndi 2 itagwidwa ikulipira osewera mobisa, ndipo inakhala zaka zingapo pansi.

Kuyambira 2012 wosewera yemwe watumikira timu imodzi zaka zisanu ndi zitatu ndipo kontrakiti yake yatha akhoza kusankha kopita, zomwe amati free agency. Timu yosiyidwa imapepesedwa ndi nambala, ndipo apa napo pali mkangano, chifukwa chipepeso chapamwamba chimabwera pambuyo penipeni pa nambala yoyamba ya timuyo. Franklin atapita ku Sydney kumapeto kwa 2013 pa mgwirizano wa zaka zisanu ndi zinayi wa madola 10 miliyoni, Hawthorn, pokhala akatswiri, inalandira nambala 19. North Melbourne itataya Ben McKay mu 2023, wotchinga kumbuyo wabwino ndithu koma wosayandikira n'komwe kwa Franklin, inalandira nambala 3, chifukwa inali pafupi ndi pansi.

Funso lalikulu lomwe masapota amalimbana nalo ndi la nyengo. Osewera amafika pachimake m'zaka za m'ma 20 chapakati mpaka chakumapeto, ndiye cholinga ndi chakuti gulu lalikulu lipse nthawi imodzi. Zaka zochepa zimenezo amazitcha premiership window. Pali njira ziwiri zofikirako, ndipo iliyonse ili ndi umboni woikomera ndi woitsutsa.

Yoyamba ndi kugwetsa nyumba n'kuyambanso maziko. Hawthorn inatero, ndipo Hodge, Mitchell, Franklin, Jarryd Roughead ndi Jordan Lewis anaibweretsera chikho mu 2008, ambiri a iwo n'kudzawonjezera zitatu zotsatana kuyambira 2013 mpaka 2015. Richmond inasankha njira yomweyo mu 2024, pomwe inalola Shai Bolton, Liam Baker ndi Daniel Rioli kuchoka n'kutenga anyamata asanu ndi mmodzi mu raundi yoyamba. Koma Carlton inatenga nambala 1 zaka zitatu zotsatana, 2005 mpaka 2007, ndipo chikho chake chomaliza chikadali cha 1995. Gold Coast inalowa mu ligi mu 2011 itapatsidwa nambala zitatu zoyambirira zonse, koma inafika mu ndime ya mafainolo, momwe matimu a pamwamba amalimbirana chikho, koyamba mu 2025. Ana ambiri opanda madoda owatsogolera amazolowera kugonja, kenako amachoka. Makaputeni awiri a Gold Coast, Tom Lynch ndi Steven May, anachoka limodzi kumapeto kwa 2018, ndipo onse anakatenga zikho kwina.

Yachiwiri ndi kukana kugwa. Kuchokera 2007 mpaka 2022 Geelong inaphonya ndime ya mafainolo kamodzi kokha, motero inkasankha kumapeto kwa mzere pafupifupi chaka chilichonse. Inkakoka osewera okhwima ofuna kubwerera kwawo monga Patrick Dangerfield, n'kumatola omwe ena sanawaone. Tom Stewart inamutenga pa nambala 40 ali ndi zaka 23, patangotha chaka atachoka mu ligi ya m'dera. Mark Blicavs anali wothamanga mipikisano ya mtunda wautali. Chaka ndi chaka akatswiri a nkhani ankati timuyi yakalamba, ndipo mu 2022 inalowa mu fainolo ndi gulu lachikulire kuposa lililonse lomwe linali litaonekapo mu ligiyi kufika nthawiyo, n'kukwapula Sydney ndi mapointi 81. Otsutsa amati si timu iliyonse ingatengere njirayi, popeza Geelong ili ndi tauni yakeyake, bwalo lakelake ndi magombe omwe osewera amakonda kukhalako.

## Otsalira pamzere

Draft yaikulu ikatha pamabwera ina yaing'ono, rookie draft, ya otsalira, ndipo kumeneko n'komwe West Coast inapeza Dean Cox ndi Matt Priddis, yemwe analandira Brownlow mu 2014. Palinso malo apadera a anthu ochokera ku masewero ena kapena kunja, monga a ku Ireland, komanso Mason Cox, chimphona cha masentimita 211 cha ku Texas chomwe chinatenga chikho ndi Collingwood mu 2023. Mu 2019 ligi inabwezeretsa draft ya pakati pa sizoni, ndipo Richmond inatenga Marlion Pickett wa zaka 27 ku South Fremantle, munthu yemwe matimu onse anamudumpha kwa zaka zambiri. Gemu yake yoyamba mu AFL inali fainolo yeniyeniyo, zomwe zinali zisanachitike chichokere 1952. Anamwetsa chigoli, Richmond inapambana GWS ndi mapointi 89, ndipo anatuluka pa MCG ndi mendulo atasewera gemu imodzi.

Mzerewu watsala pang'ono kusokonekeranso. Tasmania inapatsidwa chilolezo mu Meyi 2023 chokhala timu ya nambala 19, ndipo ikuyembekezeka kuyamba kusewera mu 2028. Monga zinachitikira ndi Gold Coast ndi GWS, timu yatsopanoyi ipatsidwa nambala zambiri zapamwamba, kuyambira mu draft ya 2027. Timu yomwe idzathere pansi chaka chimenecho idzapeza wina ataima kale kutsogolo kwake, n'chifukwa chake matimu omwe akumanganso akuthamangira kutola anyamata awo chakacho chisanafike.